Khansa imene imadziwa kudzikonza ndi imene imabwerera

Pakhonde la wodi ya khansa, pamene magadiyani amakhala podikira kuti dripi ithe, pali mawu amene amamveka mobwerezabwereza. "Thupi lake lakana mankhwala." Wina amati mankhwala a kuno ndi ofooka, bola akanapita naye kunja. Wina amatsitsa mawu n'kunena kuti izi si zachipatala, pali dzanja la munthu. Mawu amenewa amatuluka pa nthawi yowawa kwambiri: chotupa chimene chinaphwa bwinobwino m'miyezi yoyamba ya kemo chayambanso kukula, mankhwala omwe aja akuthiridwa, koma sakuchitanso kanthu.

Sindikuwaweruza anthu olankhula zimenezi, chifukwa palibe anakhala nawo pansi n'kuwafotokozera. Koma kufotokoza kwake kulipo. Mankhwala ambiri a kemo amapha khansa powononga DNA ya maselo ake, ndipo selo ili ndi njira zake zokonzera DNA yowonongeka. Chotupa chimene chalephera kukonza chimafa. Chimene chakwanitsa chimapulumuka, ndipo ndi chimenecho chimabwerera. Nzeru imeneyi yakhalitsa m'mabuku a asayansi ndi m'zipatala za mayiko olemera. Ine ndikuti itsike, ifike pa bajeti ya zaumoyo ndi pa bedi la wodwala wa kuno ku Malawi, chifukwa dziko losauka ndi limene lilibe botolo loti lingataye pa chotupa chosamva mankhwalawo, ndipo lilibe sabata yoti lingataye podikira.

Mkati mwa selo ya munthu muli DNA yotalika pafupifupi mamita 2, yopindidwa mothithikana. Ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo malangizo onse a thupi analembedwa pamenepo ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Chilembo cha pa chingwe china chimagwirana ndi chinzake cha pa chingwe chinacho, A ndi T, C ndi G, moti mbali imodzi ikawonongeka, inayo imasonyeza zimene zinalipo. Kale anthu ankaganiza kuti chinthu chosunga malangizo a moyo chiyenera kukhala cholimba, chosasunthika. Tomas Lindahl, wasayansi wa ku Sweden, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti DNA imawonongeka yokha, ndi madzi ndi kutentha kwa thupi basi, moti selo imodzi imataya zilembo pafupifupi 10,000 tsiku lililonse. Pamwamba pa zimenezo pali dzuwa, utsi wa fodya, ndi chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Pakanapanda mapuloteni oyendera DNA usana ndi usiku, odula malo owonongeka n'kulembapo zilembo zoyenera, palibe akanabadwa n'komwe. Mu 2015 Lindahl analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Aziz Sancar ndi Paul Modrich, aliyense chifukwa cha njira ina yokonzera imene anaifufuza mpaka kuimvetsa. Khansa imayamba pamene zolakwika zina zadutsa osakonzedwa n'kuunjikana, choncho zotupa zambiri zimabadwa zili kale ndi chilema pa njira ina yokonzera. Chilema chimene chinazithandiza kukhala khansa ndi pomwe kemo imagwirira.

Taonani cisplatin, dzina limene aliyense amene anadwazikapo mayi wa khansa ya khomo la chiberekero analimvapo. Inatulukira mwangozi. Barnett Rosenberg, wa pa yunivesite ya Michigan State ku America, ankafuna kuona chimene magetsi amachita ku mabakiteriya. Mabakiteriyawo anasiya kugawikana, n'kumangotalika. Atafufuza, mu 1965 analengeza kuti chochititsa chinali chitsulo cha platinum cha pa nsonga za mawaya, chimene chinkasungunukira pang'ono m'madzimo. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu 1978. Cisplatin ikalowa mu selo imakakamira pa chilembo cha G, n'kumanga ma G awiri oyandikana, ndipo nthawi zina imamanga chingwe china ku chinzake. Selo yofuna kugawikana iyenera kulekanitsa zingwe ziwirizo kuti izikopere. Ikafika pa mfundo ya platinum imaima. Ikatha kudula kachidutswa ka zilembo pafupifupi 30 kozungulira mfundoyo n'kulembanso, ulendo umapitirira. Ikalephera imadzipha yokha, chifukwa mu selo muli alonda, monga puloteni ya p53, olamula imfa DNA ikawonongeka mopyola muyeso.

Ndiye mankhwala amodzimodzi amatha kubala zipatso zosiyana kotheratu. Mu 1974 Lawrence Einhorn, dokotala wa ku Indiana, anayamba kupereka cisplatin pamodzi ndi mankhwala ena awiri kwa anyamata amene khansa ya machende inali itawafalikira mpaka m'mapapo. Kale, mwa anyamata 10 otere pafupifupi 9 ankafa. Lero ambiri mwa iwo amachira n'kukalamba. Cisplatin yomweyo ikaperekedwa kwa munthu wa khansa ya m'mapapo imene yafalikira, kawirikawiri imangomuwonjezera miyezi. Kusiyana kuli m'maselo. A khansa ya machende ali ndi mapuloteni ochepa odulira mfundo za platinum, ndipo p53 yawo nthawi zambiri imakhala yamoyo, yofulumira kulamula imfa. M'zotupa zambiri za m'mapapo, p53 inafa kalekale.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha khansa ya muubongo yotchedwa glioblastoma, chifukwa pamenepo nkhani yaikulu imatsamira pa puloteni imodzi. Mankhwala ake, temozolomide, amamata kachidutswa kakang'ono pa chilembo cha G. Puloteni yotchedwa MGMT imabwera, n'kuchotsa kachidutswako, n'kukanyamula pathupi pake, ndipo ikatero yatha ntchito. Imodzi imakonza malo amodzi basi. Chotupa chopanga MGMT yambiri chimafufuta ntchito ya mankhwala isanapite patali. Koma m'zotupa pafupifupi theka, jini, kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira MGMT, imakhala yotsekedwa. Mu 2005 Monika Hegi, Roger Stupp ndi anzawo a ku Lausanne, ku Switzerland, anaonetsa kusiyana kwake. Kwa odwala amene jini ya m'chotupa chawo inali yotsekedwa, kuwonjezera temozolomide pa radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza, kunatalikitsa nthawi imene theka la iwo linali likadali moyo kuchoka pa miyezi 15.3 kufika pa 21.7. Kwa amene jini inali yotsegula, nthawiyo inachoka pa miyezi 11.8 kufika pa 12.7. Onsewa ankameza makapisozi omwewo, ankavutika ndi nseru yomweyo. Gulu lina linalandira theka la chaka, gulu linalo silinafike ndi mwezi womwe.

Munthu angafunse kuti bwanji osangopereka mankhwala otseka MGMT kwa aliyense. Zinayesedwa, ndi mankhwala otchedwa O6-benzylguanine. Anatsekadi MGMT ya chotupa, koma anatsekanso ya m'mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwa. Odwala anatsika magazi kwambiri, madokotala anakakamizika kuchepetsa kemo, ndipo phindu linathera pomwepo. Chofunika chinali kupeza chilema chimene chili m'chotupa chokha, chimene maselo abwino alibe.

Chilema choterocho chinapezeka pa jini ziwiri, BRCA1 ndi BRCA2. Mary-Claire King anasonyeza mu 1990 pamene yoyambayo ili, atafufuza mabanja amene agogo, amayi ndi ana awo aakazi ankadwala khansa ya bere motsatizana. Ntchito ya jini zimenezi ndi kulumikiza DNA imene yaduka zingwe zonse ziwiri, komwe ndi kuwonongeka koopsa kuposa konse. Mayi wobadwa ndi BRCA yolakwika amakhalabe ndi kope limodzi labwino lochokera kwa kholo linalo, ndipo maselo ake amakonza bwinobwino. Koma selo yake imene yasanduka khansa nthawi zambiri imakhala itataya ndi kope labwinolo. Mu 2005 magulu awiri a ku Britain, la Alan Ashworth ku London ndi la Thomas Helleday ku Sheffield, anaona mpata pamenepo. Pali puloteni ina, PARP, yothandiza kukonza DNA yoduka chingwe chimodzi. Zili ngati njinga ya kabaza ya mabuleki awiri. Buleki yakutsogolo ikaduka, mnyamata amatsikabe mtsetse ndi yakumbuyo. Yakumbuyo ikaduka, amagwira yakutsogolo. Ngozi imabwera akaduka onse. Mukatseka PARP m'thupi lonse, maselo abwino amaima ndi BRCA yawo, pamene maselo a khansa amene BRCA inawathera kale amasowa pogwira. Olaparib, mankhwala oyamba a mtundu umenewu, anavomerezedwa kumapeto kwa 2014 pa khansa ya thumba la mazira.

Nkhani sinathere pamenepo. Mu 2008 akatswiri anayang'ana maselo ndi zotupa za BRCA2 zimene poyamba zinkamva mankhwala a platinum kenako n'kusiya. Anapeza kuti m'maselo ena munachitika kulakwika kwachiwiri pa jini yomweyo, kumene kunawongola kawerengedwe kake, ndipo puloteni yokonza ija inayambanso kupangidwa. Timakonda kunena kuti chotupa chazolowera mankhwala, koma selo ilibe nzeru yozolowerera kanthu. M'chotupa cha masentimita angapo muli maselo mabiliyoni ambiri, ndipo safanana. Kemo imapha amene sangathe kukonza, n'kusiya ochepa amene mwangozi akutha. Otsalawo amapeza malo, chakudya ndi magazi zonse zili zawo. Chotupa chobwerera ndi zidzukulu za otsalawo. Madokotala a khansa ya thumba la mazira amawerenga miyezi pa chifukwa chimenechi: ikabwerera pasanathe miyezi 6 chilandirireni platinum, amadziwa kuti kubwereza mankhwala omwewo sikuthandiza kwenikweni. Wodwalayo sanalakwe kanthu, ndipo thupi lake silinakane chilichonse.

Pali pena pamene nkhaniyi imatembenuka, ndipo ndiyenera kupanena kuti wina asaganize kuti lamulo ndi limodzi. Njira imene Modrich anafufuza imayendera DNA imene yangokopedwa kumene, kufunafuna zilembo zosagwirizana. Njira imeneyi ikafa, mankhwala ena amasiya kugwira m'malo mogwira kwambiri. Temozolomide imapha chifukwa oyendera aja amaona cholakwika, amadula, amalemba, cholakwikacho chimabwerera, amadulanso, mpaka DNA iduke. Oyenderawo akachoka, selo siona vuto, imangopitirira ndi moyo, ndipo zimenezi zimapezeka m'zotupa zina za muubongo zobwerera. Pa khansa ya matumbo aakulu, zotupa pafupifupi 15 pa 100 zilizonse zili ndi chilema chimenechi. Odwala otere, amene khansa yawo yachotsedwa ndi opaleshoni isanafalikire, sapindula akapatsidwa kemo ya fluorouracil yokha. Koma zotupa zomwezo, chifukwa chodzaza ndi zolakwika, zimaoneka zachilendo ku chitetezo cha thupi. Mu 2017 America inavomereza pembrolizumab, mankhwala omasula chitetezocho, pa chotupa chilichonse cha chilema chimenechi chimene chakanika ndi mankhwala ena, kaya chili m'matumbo, m'chiberekero kapena kwina. Kanali koyamba mankhwala a khansa kuvomerezedwa potengera chilema cha selo mosayang'ana chiwalo.

Tsopano wina adzati zonsezi ndi nkhani za ku London ndi ku Lausanne. Olaparib ndi pembrolizumab ndi mankhwala amene mtengo wake chipatala cha boma cha kuno sichingausenze. Kodi mayi wa ku Nsanje kapena wa ku Chipata apindulapo chiyani? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho langa lili mu kafukufuku wa ku Britain wotchedwa TNT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Anatenga amayi amene khansa ya bere inali itawafalikira, ambiri mwa iwo a mtundu wovuta uja wosamva mankhwala a mahomoni kapena olimbana ndi puloteni ya HER2. Ena anapatsidwa kemo ya docetaxel, ena carboplatin, mbale wake wa cisplatin. Powerenga onse pamodzi, mankhwala awiriwa anafanana: mbali zonse, chotupa chinaphwa mwa mayi mmodzi pa atatu alionse. Koma atapatula amayi obadwa ndi BRCA yolakwika, amene anali ochepa ndithu, carboplatin inaphwetsa chotupa mwa 68 pa 100 alionse, docetaxel mwa 33. Carboplatin ndi mankhwala akale, otsika mtengo, ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO, ndipo zipatala zathu zikuluzikulu zimawadziwa. Chimene chinawirikiza mphamvu yake ndi kudziwa woyenera kupatsidwa.

Amayi otere si ochepa mu Africa. Gulu la Olufunmilayo Olopade linayeza amayi oposa 1,100 a khansa ya bere ku Ibadan, ku Nigeria, ndipo mu 2018 linalengeza kuti pafupifupi 11 pa 100 alionse anali ndi BRCA1 kapena BRCA2 yolakwika, chiwerengero chokwera kuposa chimene chimapezeka kawirikawiri mwa azungu. Nigeria ndi kutali, ndipo manambala awo sitingawabwereke. Tiyenera kukhala ndi athu.

Zina mwa zoyeza zimenezi si zakumwamba ayi. Kuti adziwe ngati njira ya Modrich ili moyo m'chotupa, amapaka utoto wapadera pa kachidutswa ka chotupacho n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati mapuloteni anayi, MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2, alipo. Ndi luso lomwelo limene amaonera ngati khansa ya bere imamva mankhwala a mahomoni. Labu ya pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project ya yunivesite ya North Carolina ku America, inaonetsa kuti luso lopaka utoto limeneli limatheka kuno. Chofunika ndi anthu okwanira, utoto wosathera pakati pa chaka, ndi njira yoti kachidutswa kochokera ku chipatala cha kutali kafike, kayezedwe, yankho libwerere wodwala asanatheretu. Nyumba ndi makina zimaoneka ndi maso, ndipo kuzipemphera ndalama n'kosavuta. Dokotala woyeza zotupa amagwira ntchito kuseri, wodwala samuona n'komwe, komatu ndi iye amene amauza onse obwera pambuyo pake chochita.

Pali chenjezo limene sindingalibise. Mu 2006 kafukufuku wamkulu wa khansa ya m'mapapo anasonyeza kuti odwala amene zotupa zawo zilibe puloteni ya ERCC1, imodzi mwa zodulira mfundo za platinum, ndi amene amapindula ndi cisplatin. Zinkamveka bwino, zinkagwirizana ndi zonse zimene tanena pamwambapa. Mu 2013 akatswiri omwewo, a ku France, anabwereza ntchitoyo ndipo zotsatira sizinabwerere. Anapeza kuti puloteniyo ili ndi mitundu inayi, wogwira ntchito ndi umodzi wokha, ndipo utoto sunkasiyanitsa. Chipatala chimene chikanathamangira choyeza chimenecho chikanamana cisplatin anthu oyenera. Choncho sindikupempha kuti tigule makina aliwonse amene wamalonda wabwera nawo m'chikwama. Zoyeza za kukonza DNA zimene zapirira zaka ndi zochepa: BRCA, mapuloteni anayi aja, ndi MGMT. Ngakhale pa zimenezi, tiyambe ndi zimene yankho lake lingasinthe chochita ndi mankhwala amene ali kale m'famase mwathu.

Ndikuvomerezanso kuti kwacha yoyamba ipite ku kupewa. Katemera wa HPV, amene Malawi inayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, adzapulumutsa amayi ambiri kuposa labu ina iliyonse. Kachilombo ka HPV, koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamapanga puloteni yotchedwa E6, imene imawononga p53, mlonda uja, ndipo kukatsekereza kasanalowe ndi nzeru yoposa zonse. Koma amayi amene ali pa mzere lero anadutsa kale zaka 9.

Kwa iwowa, nzeru ya kukonza DNA ikunena chinthu china chosafuna makina atsopano, ndicho nthawi. Chithandizo cha khansa chinamangidwa pa mpikisano wa kuchira. Kemo yambiri imaperekedwa pakapita masabata atatu chifukwa ndiyo nthawi imene mafuta a m'mafupa amafuna kuti abwerere m'chimake. Radiotherapy imagawidwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, chifukwa m'maola apakatipo minofu yabwino imalumikiza DNA yake bwino kuposa chotupa. Kuyambira 1999 zinadziwika kuti kuwonjezera cisplatin kamodzi pa sabata pa radiotherapy kumachepetsa imfa za khansa ya khomo la chiberekero, mwa zina chifukwa platinum imasokoneza kukonza kwa malo amene radiotherapy yadula. Koma zonsezi ziyenera kutha m'masabata 8. Tsiku lililonse lopitirira pamenepo limabenthula mwayi wogonjetsa chotupacho, chifukwa maselo opulumuka amakhala akuchulukana mofulumira. Mpata umene unaikidwa kuti wodwala apume, ukatalika umasanduka mpata wa chotupa.

Ndiye mankhwala akatha m'famase, makina akaima kudikira injiniya wochokera kunja, kapena wodwala akalephera kubwera chifukwa ndalama ya minibasi yasowa, tisaganize kuti chithandizo chidzangopitirira pamene chinalekera. Chimene tidzachipeze pobwerera chikhoza kukhala chotupa china: ofooka tapha, olimba tasiya, ndipo tawapatsa nthawi. Ndimaona ngati okonza bajeti amawerengera kutha kwa mankhwala a khansa mofanana ndi kutha kwa mankhwala ena amene munthu angapirire masabata awiri. Pa khansa, ulendo woyamba ndi umene uli ndi mwayi waukulu, ndipo mwayiwo subwerera wonse. Kuyambitsa munthu kemo musanatsimikize kuti mabotolo a maulendo ake onse alipo ndi kutchova juga ndi moyo wake. Ndalama ya thiransipoti ya wodwala khansa ndi gawo la mankhwala ake, ndipo ilembedwe pa mzere womwewo wa bajeti.

Ana a Burkitt lymphoma amaonetsa zimenezi poyera. Khansa imeneyi, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, imatupitsa nsagwada kapena mimba, ndipo ili m'gulu la zokula mofulumira kwambiri. Maselo ake amatha kuwirikiza m'masiku awiri okha. Kufulumira komweko kumaipereka m'manja mwa kemo ya cyclophosphamide, imene imamanga zingwe za DNA pamodzi. Selo yothamanga chomwecho ilibe nthawi yoima n'kukonza. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akukonza njira zazifupi, zotsika mtengo zochizira ana amenewa, ndipo pafupifupi theka ankachira. Nkhope imene inali yotupa imaphwa m'masiku ochepa, ndipo msampha uli pomwepo. Mayi amene wasiya ana ena kumudzi, munda ukudikira khasu, amaona mwana akudya ndi kusewera, n'kupempha kuti azipita. Ndani angamunene? Koma maselo otsala saoneka ndi maso, ndipo Burkitt yobwerera imavuta kwambiri kuchiza. Mayi ameneyu akangouzidwa kuti "amayi, mumalize mankhwala", amamva lamulo. Akauzidwa chifukwa chake, kuti otsalawo ndi amene mankhwala sanawathe ulendo woyamba ndipo akapatsidwa mpata adzabwera ochuluka, amamvetsa chimene mwana wake akulimbana nacho. Ndimakhulupirira kuti ambiri angakhale, makamaka atapatsidwa chakudya ndi pogona pamene akudikira. Kufotokoza kumeneku kumatheka m'Chichewa, m'mphindi zochepa, ndipo namwino aliyense wa pa wodi ya khansa ayenera kuphunzitsidwa kukunena.

Mbali imene timaiwala ndi ya wodwala mwini. Naye ali ndi njira zake zokonzera, ndipo kemo sisankha DNA yoti iwononge. Mankhwala amenewa amasiya zipsera m'maselo abwino, moti ochepa mwa ochira amadzadwala khansa ya m'magazi patapita zaka. Pachifukwa chimenechi chokha, kemo yoperekedwa pa chotupa chimene sichingamve ndi chilango chopanda malipiro. Ndiponso si onse anabadwa ndi njira zokonzera zokwanira. Matenda a Fanconi anaemia amabwera kawirikawiri mwana akalandira kwa makolo onse awiri jini yolakwika ya m'gulu limene limamasula zingwe zomangidwa. Ana otere amakhala aafupi, nthawi zina zala zazikulu za m'manja zopunduka, magazi amawathera, ndipo amadwala khansa akadali aang'ono. Mu 2005 akatswiri anapeza kuti odwala ambiri achikuda a kummwera kwa Africa ali ndi cholakwika chimodzimodzi pa jini ya FANCG, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Kwa munthu wotere, mlingo wa cisplatin kapena cyclophosphamide umene wina amaupirira ungamuphe, chifukwa selo iliyonse ya thupi lake ili ndi chilema chimene timafuna chikhale m'chotupa chokha. Achibale akati kemo ndi imene yamupha, mwa apo ndi apo amakhala akunena zoona, ndipo madokotala athu ayenera kupatsidwa njira yozindikirira anthu amenewa dripi isanalumikizidwe.

Pali ntchito ina imene ingayambe mawa lomwe. Kachidutswa kalikonse ka chotupa kamene kayezedwa kamasungidwa mu phula, ndipo kamatha kukhala zaka zambiri. Zambiri zimene dziko lapansi likudziwa za jini zokonza DNA zinachokera kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America, moti munthu wa ku Africa akayezedwa, labu imapeza pafupipafupi kusintha kumene sikunalembedwe ngati n'koopsa kapena ayi. Mpata umenewo ena sadzatitsekera. Zipatala zathu zikuluzikulu, pamodzi ndi Kamuzu University of Health Sciences, zisunge zidutswa zimenezi mwadongosolo, ndi chilolezo cha eni ake: cha chotupa choyamba ndi cha chobwerera, pamodzi ndi mbiri ya mankhwala amene munthuyo analandira ndi masiku amene anadumpha. Poyambira pabwino ndi khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene imapezeka kwambiri padziko lonse. Kemo yake ndi ya platinum yomwe ija, ndipo odwala oti atiphunzitse chifukwa chimene ena amamvera mankhwala pamene ena samva ali m'mawodi mwathu momwemu.